Daniel Jones: Katswiri yemwe adajambulitsa lilime lake pofufuza katchulidwe ka mawu

Makolo ambiri amanyadira mwana akamayankhula Chingerezi ngati muulutsi wa pa wailesi ya BBC. Ena amadzimana kuti amulipirire sukulu yodula, ena amamukalipira akasokoneza ‘l’ ndi ‘r’, ndipo alipo ena omwe amafika naye kuchipatala poganiza kuti lilime lake lili ndi vuto. Katchulidwe kamene makolowa amakasirira kadafalikira m’masukulu a dziko lonse makamaka kudzera m’mabuku a munthu mmodzi, Daniel Jones wa ku London, yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 1881 mpaka 1967. Chodabwitsa n’chakuti mwini wakeyo sankaona katchulidweko ngati koposa ena onse. Mbiri yake ingatithandize kusiyanitsa mwana yemwe akungoyankhula Chingerezi ndi kakomedwe ka chiyankhulo cha kwawo, ndi mwana yemwe akufunikadi kuonedwa ndi achipatala.

Wamasamu yemwe adathawa uloya

Jones adabadwa pa 12 September 1881 mumzinda wa London. Bambo ake adali loya ndipo ankafuna kuti mwana wawo atsate mapazi awo. Mnyamatayu adaphunzira masamu ku King’s College, pa yunivesite ya Cambridge, ndipo adalandira digiri mu 1903. Adaphunziranso zamalamulo mpaka kuvomerezedwa kukhala loya mu 1907, koma ntchitoyo sadaigwire.

Mtima wake udali utatengeka kale ndi zina. Mu 1900 adapita ku Marburg m’dziko la Germany kukaphunzira Chijeremani pa sukulu ya William Tilly, mphunzitsi yemwe ankaumirira kuti wophunzira ayambe wadziwa momwe liwu lililonse limapangidwira m’kamwa. Kumeneko ndi komwe Jones adakumana ndi fonetiki, sayansi yofufuza momwe anthu amatulutsira ndi kumvera mawu. Mu 1905 ndi 1906 adakaphunzira ku Paris m’manja mwa Paul Passy, mmodzi mwa omwe adayambitsa bungwe la International Phonetic Association. Ubale wawo udafika mpaka pachibale, poti mu 1911 Jones adakwatira Cyrille Motte, wachibale wa Passy.

Mu 1907 adayamba kuphunzitsa mwaganyu ku University College London. Pofika 1912 adali mkulu wa dipatimenti ya fonetiki, yoyamba ya mtundu wake m’mayunivesite a ku Britain, ndipo mu 1921 adakhala pulofesa. Adagwira ntchito pamalo omwewo mpaka kupuma mu 1949.

Katcheni pa lilime

Kuti timvetse ntchito yake, tiyambe taona momwe thupi limapangira mawu. Mpweya umachoka m’mapapo n’kudutsa pa kholingo, pomwe pali timinofu tiwiri tomwe timanjenjemera mpweya ukamadutsa. Ikani chala pakhosi, mutchule ‘sss’ kenaka ‘zzz’: pa liwu lachiwirilo mumva kunjenjemera. Kuchokera apo, lilime, milomo, mano, nsagwada ndi mphuno zimaumba phokosolo kukhala mawu omveka.

Makonsonanti savuta kwenikweni kufotokoza chifukwa pamakhala malo pomwe ziwalo zimakhudzana. Potchula ‘b’ milomo imatsekeka, potchula ‘t’ nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano a kumwamba. Pofuna kuona malo amenewa, akatswiri a nthawi ya Jones ankaika m’kamwa kachipangizo kopyapyala kokuta kumwamba kwa kamwa, kowazidwa ufa wa choko. Munthu akatchula liwu, ankakatulutsa n’kuona pomwe lilime lafufuta ufawo.

Mavawelo ndiwo adali ovuta, chifukwa lilime limangolendewera m’kamwa osakhudza paliponse. Mu 1917, patangotha zaka 22 chitulukireni X-ray, Jones adaika katcheni kakang’ono ka mtovu pa lilime lake n’kujambulitsa mutu wake uku akutchula mavawelo. Mtovu umaoneka bwino pa X-ray, choncho katcheniko kadaonetsa momwe lilime lapindikira pa vawelo iliyonse. Lero palibe wachipatala yemwe angalole zimenezo, chifukwa mtovu ndi poizoni ndipo X-ray sajambula mwachisawawa. Ofufuza amakono amagwiritsa ntchito makina a sikani ndi MRI.

M’chaka chomwecho adatulutsa muyezo wa mavawelo asanu ndi atatu omwe si a chiyankhulo chilichonse, koma ali ngati miyala ya pa sikelo yomwe poyezera zinthu zina. Adayambira pa malire awiri: vawelo yomwe lilime limakwera kwambiri chakutsogolo, yofanana ndi ‘i’, ndi ina yomwe lilime limatsika kwambiri chakumbuyo, ngati pomwe dokotala wakuuzani kuti muyasamule akuoneni kummero. Enawo adawayeza kuchokera pa awiriwa. Adawajambula pa mbale za galamafoni mu 1917, ndipo adabwerezanso mu 1956 ali wokalamba. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti chithunzi chake cha mavawelo chimagwirizana kwambiri ndi zomwe khutu limamva kusiyana ndi malo enieni a lilime. Komabe chithunzi cha ngodya zinayi chochokera ku ntchito yakeyi chikugwirabe ntchito m’mabuku a ziyankhulo ndi a othandiza anthu ovutika kuyankhula.

Dikishonale yosamasulira mawu

Chingerezi chili ndi malembo 26, koma m’katchulidwe kamene Jones adafotokoza muli maliwu pafupifupi 44, ndipo pafupifupi 20 mwa iwo ndi mavawelo. Kalembedwe kake sikathandiza wophunzira. Malembo akuti ‘ough’ amamveka mosiyana m’mawu a ‘cough’, ‘though’, ‘through’ ndi ‘rough’. Ngakhale mawu omwe timakumana nawo kuchipatala ali ndi misampha: ‘p’ wa ‘pneumonia’ samveka, chimodzimodzi ‘k’ wa ‘knee’ ndi ‘b’ wa ‘thumb’, pomwe ‘ch’ wa ‘stomach’ amamveka ngati ‘k’.

Mu 1913 Jones, pamodzi ndi Mjeremani Hermann Michaelis, adatulutsa dikishonale yomwe idandandalika mawu motsata katchulidwe. Kuti upeze mawu unkayenera kudziwa kale momwe amatchulidwira, choncho bukulo silidathandize ambiri. Mu 1917 adatembenuza dongosololo m’buku la English Pronouncing Dictionary: mawu m’kalembedwe kawo ka masiku onse, kenaka katchulidwe kake m’zizindikiro za fonetiki, popanda tanthauzo. Chaka chotsatira adatulutsa An Outline of English Phonetics, buku lomwe lidaphunzitsa aphunzitsi a Chingerezi m’maiko ambiri kwa zaka makumimakumi.

Koma kodi adalemba katchulidwe ka ndani? Ku Britain munthu wa ku Glasgow, wa ku Liverpool ndi wa ku Cardiff sayankhula mofanana. Jones adasankha katchulidwe komwe iye adakulira, ka mabanja a kummwera kwa England omwe ana awo ankaphunzira m’masukulu ogonera komweko a anthu olemera. Poyamba adakatcha dzina lonena za masukuluwo, koma kuyambira mu 1926 adayamba kugwiritsa ntchito dzina lakuti Received Pronunciation, mwachidule RP. Iye ankafotokoza kuti ntchito yake n’kulemba zomwe khutu lake lamva, osati kulamula anthu momwe ayenera kuyankhulira. Adakasankha chifukwa ankakadziwa bwino komanso kankamveka kwa anthu a m’madera ambiri. Oyankhula RP akhala ali ochepa nthawi zonse: m’zaka za m’ma 1970 katswiri wina, Peter Trudgill, adayerekeza kuti ndi anthu atatu okha pa 100 alionse ku Britain.

Mu 1926 wailesi ya BBC idakhazikitsa komiti yolangiza aulutsi ake pa katchulidwe, ndipo Jones adali m’komitiyo limodzi ndi mlembi wa masewero George Bernard Shaw. Shaw ndiye adalemba Pygmalion, sewero la pulofesa yemwe adaphunzitsa mtsikana wogulitsa maluwa kuyankhula ngati wa m’banja lolemera. Shaw adatchula katswiri wina, Henry Sweet, pofotokoza za pulofesayo, koma olemba mbiri ena amati mwina adatengeranso zambiri kwa Jones.

Kwa yemwe akuphunzira RP, zizindikiro zake zikuluzikulu n’zowerengeka. Choyamba, ‘r’ samveka pokhapokha patsogolo pake pali vawelo. M’mawu a ‘car’, ‘nurse’, ‘card’ ndi ‘form’ vawelo imangotalika. Mawu omwe tidabwereka monga nesi, khadi, fomu ndi tochi nawonso alibe ‘r’. Koma mukati ‘far away’, ‘r’ uja amabwerera chifukwa wakumana ndi vawelo. Chachiwiri, mawu ngati ‘bath’, ‘class’ ndi ‘laugh’ ali ndi ‘a’ wautali wotchulidwira kumbuyo kwa kamwa. Chachitatu, m’mawu aliwonse aatali muli phatikizo limodzi lomwe limagogomezedwa, ndipo ena amafooka. Vawelo yofookayo, yomwe ili koyambirira kwa ‘about’ ndi kumapeto kwa ‘doctor’, ndiyo imamveka kawirikawiri kuposa ina iliyonse m’Chingerezi. Yerekezani ‘photograph’ ndi ‘photographer’: kugogomeza kukasuntha, mavawelo amasinthanso.

Phunziro lochokera kummwera kwa Africa

Jones sadathere pa Chingerezi. Adalemba za Chikantoni cha ku China mu 1912 ndi za Chisinhala cha ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, mu 1919. Koma ntchito yomwe idamutsegula maso kwambiri adaigwira ndi Sol Plaatje, mtolankhani wa ku South Africa komanso mlembi wamkulu woyamba wa bungwe lomwe pambuyo pake lidadzatchedwa ANC. Plaatje adafika ku London mu 1914 kudzadandaula za lamulo la malo la 1913, lomwe lidalanda anthu akuda gawo lalikulu la dziko lawo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idamupeza komweko. Awiriwa adakhalira limodzi kumvetsera ndi kulemba Chitswana liwu ndi liwu, ndipo mu 1916 adatulutsa buku la A Sechuana Reader, maina a onse awiri ali pachikuto. Bukulo lidaonetsa momwe kukweza ndi kutsitsa mawu kumasinthira tanthauzo. Ife izi timazichita osaganizira: mtengo wa m’nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, monganso khungu la pathupi ndi khungu la maso, koma khutu la Mchewa silisokoneza.

Ziyankhulo ngati zimenezi zidamuthandiza kukhwimitsa ganizo lomwe adalilembera buku lonse mu 1950, lotchedwa The Phoneme. Iye ankati chiyankhulo chilichonse chimaika maliwu m’mabanja. Maliwu a banja limodzi, ngakhale amveke mosiyana pang’ono, sasintha tanthauzo la mawu, choncho eni chiyankhulo amawamva ngati liwu limodzi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya ‘l’ ndi ‘r’. M’Chichewa awiriwa ndi banja limodzi. Kaya munthu anene kuti kulira kapena kulila, tonse timva chinthu chimodzi. M’Chingerezi ndi mabanja awiri, n’chifukwa chake ‘light’ ndi ‘right’, kapena ‘lice’ ndi ‘rice’, ndi mawu osiyana. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, choncho ‘ship’ ndi ‘sheep’, ‘full’ ndi ‘fool’, kapena ‘hat’, ‘hut’ ndi ‘heart’ amagwera m’dengu limodzi. Phatikizo la Chichewa limathera pa vawelo, n’chifukwa chake ‘school’ idasanduka sukulu ndipo ‘spoon’ idasanduka supuni.

Mngerezi naye amagwa mumsampha womwewo akamaphunzira Chichewa. Kwa ife pala ndi phala ndi mawu awiri, chifukwa ‘ph’ amatuluka ndi kampweya. Ikani kapepala patsogolo pa milomo, mutchule mawu awiriwa: kagwedezeka kwambiri pa phala. M’Chingerezi ‘p’ wa ‘pin’ ali ndi kampweyako pomwe wa ‘spin’ alibe, koma eni ake sazindikira n’komwe chifukwa kwa iwo ndi banja limodzi. Palibe amene amati Mngerezi woteroyo ali ndi lilime lodwala.

Khutu patsogolo, lilime pambuyo

Ophunzira a Jones ankamukumbukira chifukwa cha njira yake yophunzitsira khutu. Ankatchula mawu opeka opanda tanthauzo, iwo n’kumalemba m’zizindikiro zomwe amva. Popeza mawuwo sankatanthauza kanthu, panalibe kulota. Mfundo yake idali yakuti munthu sangatchule bwino kusiyana komwe khutu lake silikukumva.

Sayansi ya pambuyo pake idagwirizana naye. Kafukufuku wa m’zaka za m’ma 1980 adaonetsa kuti khanda la miyezi isanu ndi umodzi limatha kusiyanitsa maliwu a ziyankhulo zomwe silinazimvepo, koma likamakwanitsa chaka ubongo wake umakhala utazolowera mabanja a maliwu a chiyankhulo cha pakhomo. Wamkulu angathe kuphunziranso kusiyanitsa, koma zimafuna kumvetsera mobwerezabwereza mawu awiriawiri ofanana, asanayambe kuyesa kuwatchula.

Dipatimenti yake idasula akatswiri ambiri, ena mwa iwo amayi pa nthawi yomwe amayi adali ochepa m’mayunivesite. Ida Ward adalemba buku la mavuto a kayankhulidwe ndi chithandizo chake mu 1923, kenaka adatchuka pa ziyankhulo za kumadzulo kwa Africa. Lilias Armstrong adafufuza Chikikuyu mothandizidwa ndi Jomo Kenyatta, yemwe adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Kenya. A. C. Gimson adapitiriza ntchito yokonza dikishonale ija. Mpaka lero ophunzira ntchito yothandiza ana ndi akulu ovutika kuyankhula amaphunzira fonetiki, kuti azitha kulemba ndendende zomwe wodwala akutchula n’kuona ngati akusintha.

Jones adakhala mtsogoleri wa International Phonetic Association kuyambira 1950 mpaka imfa yake. Adamwalira kunyumba kwake ku Gerrards Cross, kufupi ndi London, pa 4 December 1967 ali ndi zaka 86. Dikishonale yake idapitirira kusindikizidwa ndi kukonzedwa. Lero imatuluka ndi dzina lakuti Cambridge English Pronouncing Dictionary, ndipo imaonetsa katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America mbali ndi mbali.

Tingatolepo chiyani?

Kuno kwathu Chingerezi n’chofunika. Ndicho chiyankhulo chophunzirira m’sukulu, ndipo wolephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE. Choncho nkhawa ya makolo njomveka. Koma mayeso ndi ntchito zimafuna munthu womveka bwino, osati womveka ngati wa ku London. Kumenya kapena kuseka mwana chifukwa cha ‘l’ ndi ‘r’ kumangomuchititsa manyazi mpaka kusiya kuyankhula m’kalasi. Ngakhale ana a ku England amachedwa kutchula bwino ‘r’ ndi ‘th’, ena mpaka zaka zisanu kapena kupitirira. Ndipo kuyankhula ziyankhulo ziwiri pakhomo sikuchedwetsa mwana kuyankhula. Musamumane Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilhomwe poganiza kuti mukumukonzera Chingerezi.

Funso lothandiza kwa kholo kapena volontiya wa zaumoyo ndi ili: kodi vutolo likuonekanso mwana akamayankhula chiyankhulo cha kwawo? Ngati Chichewa chake chili bwinobwino koma Chingerezi ndicho chikumveka mwachikwathu, mwanayo sakudwala, akungofunika kumva ndi kuyeserera. Ngati vuto lili m’ziyankhulo zonse, apo mpofunika kupita naye kuchipatala, ndipo choyamba kupimidwa ndi makutu.

Mukakhala ku sikelo kapena poyendera makomo, khalani tcheru ndi khanda lomwe silidzidzimuka ndi phokoso lalikulu, kapena lomwe lafika miyezi isanu ndi umodzi koma silitembenukira komwe kukuchokera mawu. Samalaninso ndi mwana wa miyezi isanu ndi inayi yemwe sakubwebweta maliwu ngati ‘ba-ba’ kapena ‘ma-ma’, wa chaka ndi theka yemwe alibe liwu ndi limodzi lomwe, wa zaka ziwiri yemwe salumikiza mawu awiri, ndi wa zaka zinayi yemwe alendo samumva zomwe akunena. Mwana yemwe ankayankhula kenaka n’kusiya, yemwe mawu ake amatulukira m’mphuno, kapena yemwe mkaka umatulukira m’mphuno akamayamwa, nayenso aonedwe mwachangu.

Zambiri zomwe zimaononga makutu a ana n’zopeweka. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pafupifupi 60 mwa ana 100 alionse osamva bwino, vuto lawo likadapeweka. Zina mwa zoyambitsa ndi mafinya m’khutu osalandira chithandizo, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu, chikuku, matsagwidi ndi chikasu chachikulu mwa khanda longobadwa kumene. Katemera, kugona m’neti ndi kufulumira kuchipatala zimateteza makutu. Osathira mafuta kapena madzi a zitsamba m’khutu, osatokosa ndi nthenga kapena machesi, ndipo osalola wina aliyense kudula kamnofu ka pansi pa lilime kumudzi, chifukwa mwana angataye magazi kapena kutenga matenda. Mwana yemwe wachira ku matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu ayenera kuonedwa ngati akumva monga kale.

Chibwibwi chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu, ndipo mwa ana ambiri chimatha chokha. Musamumalizire mawu kapena kumufulumizitsa. Chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi, kapena mwana akayamba kuopa kuyankhula, kafunseni kuchipatala. Chipatala chanu chaching’ono chingathe kukutumizani kuchipatala cha boma, ndipo ku Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre kuli kiliniki yopima makutu. Paja m’mera mpoyamba: mwana wosamva bwino akapezeka msanga n’kuthandizidwa, mwayi wake wophunzira chiyankhulo, kaya cha pakamwa kapena cha manja, umakhala waukulu.